Kodi dayisi ya ludo ingathe kukondera munthu mmodzi?

Abale a pagulu lino, ndithandizeni nzeru. Kunyumba kwathu timasewera ludo madzulo magetsi akathima: ineyo, ana anga awiri ndi mwana wa malemu mchemwali wanga yemwe ndikumulera. Vuto labuka pa dayisi. Mwana wa mchemwali wangayu sikisi imamugwera pafupipafupi, moti timabatani take timakhala titatuluka kale pamene wamng'ono wanga adakadikira sikisi yoyamba. Tsopano anzakewo akumunena kuti amabera, iye amalira kuti sabera. Zikundipweteka, sindikufuna kuti mwana ameneyu azidzimva ngati mlendo pakhomo panga.

Dayisiyo ndi ya pulasitiki yoyera, inabwera ndi bolodi yomwe ndinagula pamsika. Timadontho take ndi tobowola, ndipo kona imodzi ndi yoperepeseka kuposa zinzake. Kodi zimenezi zingachititse kuti nambala ina izibwera kwambiri? Nanga ndingaiyese bwanji pakhomo? Ndikufuna kuweruza mlanduwu mwachilungamo.

Mphunzitsi wa masamu: Mayi, yambani ndi funso ili: dayisiyo mumaponya imodzi nonse? Ngati ndi choncho, ngakhale itakhala yopotoka ikanapatsa aliyense sikisi mofanana, chifukwa siidziwa dzanja la munthu. Kachiwiri, kudikira sikisi nthawi yaitali si chachilendo. Mwayi wake ndi 1 pa 6 nthawi iliyonse, koma izi sizitanthauza kuti mukaponya kasanu ndi kamodzi ibwera ndithu. Pa anthu atatu, mmodzi amaponya maulendo 6 osaiona. Pa anthu 100, pafupifupi 16 amafika maulendo 10 adakali m'nyumba. Ndipo dayisi siikumbukira zomwe yangotulutsa kumene, ndiye amene wadikira nthawi yaitali alibe ngongole yomwe dayisi imubwezere.

Bambo wina: Ine ndikutsutsako pang'ono aphunzitsi. Madayisi otchipa amakondera ndithu. Mbali ya sikisi ili ndi mabowo ambiri ndiye ndi yopepuka, pamene mbali ya 1, yomwe ili kuseri kwake, ndi yolemerako ndipo imakonda kugwera pansi. N'chifukwa chake madayisi a ku kasino (nyumba zotchovera juga) amawadula m'mbali mwakuthwa, amakhala oonekera mkati, ndipo mabowo ake amawadzaza ndi penti yolemera mofanana ndi pulasitikiyo.

Mphunzitsi wa masamu: Zoona achimwene, koma kukonderako ndi kochepa kwambiri. M'chaka cha 1894 wasayansi wa ku England, Walter Weldon, anaponya madayisi 12 pamodzi maulendo 26,306 n'kumalemba zotsatira. Nambala 5 ndi 6 zinayenera kubwera pafupifupi 33.3 peresenti, koma zinabwera pafupifupi 33.8. Katswiri wa masamu Karl Pearson anagwiritsa ntchito manambala amenewa mu 1900 posonyeza kuti kusiyanako sikunali mwayi chabe. Taonani kuchuluka kwa maulendo omwe anafunika kuti kuoneke. Pa ludo ya usiku umodzi simungakuzindikire, ndipo sikungasankhe mwana mmodzi.

Mwini funso: Timaponya imodzi tonse, aphunzitsi. Ndiye mukutanthauza kuti mwanayu akuberadi?

Mayi wina: Ayi asisi, musafulumire. Muonetsetse kaye mmene amaponyera. Ana ambiri amaika dayisi pachikhatho nambala yomwe akufuna ili pamwamba, n'kuigwetsa pafupi ndi bolodi mwakuti imangotsetsereka osagubuduzika. Ena amachita osadziwa n'komwe kuti n'kulakwa, anangozolowera kuti akatero zimawayendera. Pa mphasa kapena pa nsalu ndiye zimatheka mosavuta chifukwa dayisi siidumpha. Kwathu tinathetsa ndi kapu: aliyense, ngakhale bambo a m'nyumba, amakhutchumula dayisi m'kapu n'kuiponya pa thireyi, ndipo ikapanda kugunda m'mphepete aponyenso. Lamulolo mulikhazikitse kwa onse, osatchula dzina la mwana aliyense.

Mnyamata wina: Anti, iyeseni m'madzi a mchere wambiri. Ikayandama muziikankha ndi chala, mukaona kuti nambala yomweyomweyo ikubwerera pamwamba ndiye kuti mkati mwake muli mbali yolemera.

Bambo wina: Njira imeneyo imathandiza pa madayisi opepuka okha, ambiri amamira ngakhale muthire mchere wochuluka bwanji. Komanso siikuuzani kanthu za kona yoperepesekayo.

Mphunzitsi wa masamu: Ngati mukufuna umboni woti anawo aukhulupirire, apatseni ntchitoyo eni ake. Tengani kope, lembani 1 mpaka 6, aziponya ndi kapu mosinthana mpaka akwanitse maulendo 600, mmodzi akulemba timizere. Nambala iliyonse iyenera kubwera cha m'ma 100. Ikabwera pakati pa 80 ndi 120 musadandaule, mwayi umatero. Koma sikisi ikafika 140, itayeni dayisiyo. Mukamagula ina, muone kuti mbali zoyang'anizana zikupanga 7 (1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4) komanso kuti makona onse ndi ofanana.

Mwini funso: Zikomo nonse. Kapu tiyamba nayo lero lomwe, ndipo Loweruka ndiwakhazika pansi ndi kope, wolemba timizere akhala wamng'ono wanga amene amadandaula kwambiri. Funso lina aphunzitsi: maulendo 600 amenewa ayenera kukwana tsiku limodzi, kapena tingawagawe masiku angapo?

Mphunzitsi wa masamu: Gawani momwe mungathere mayi, bola dayisi, kapu ndi thireyi zikhale zomwezo.