Thandizeni abale, GFP sakuoneka bwino m'chikhodzodzo cha mbewa zanga

Moni nonse pagulu pano, makamaka amene munagwirapo ntchito ndi mbewa za mu labu. Ndili ku Britain kuno pa PhD, kafukufuku wanga ndi wa khansa ya chikhodzodzo. Timatenga maselo a khansa ya chikhodzodzo cha mbewa otchedwa MB49 omwe anaikidwa puloteni ya GFP kuti aziwala mobiriwira, mbewa timaigonetsa ndi isoflurane nkulowetsa kapaipi ka 24G munjira ya mkodzo, timayamba tathiramo poly-L-lysine kuti maselo akagwire pakhoma kenako maselo aja nkuwasiya momwemo ngati ola limodzi. Timatenga zazikazi zokhazokha poti zamphongo kapaipi kamavuta kulowa.

Zotupa zikumera ndithu, tikang'amba timazipeza, koma ndikaika mbewa yamoyo mu IVIS, makina ojambula kuwala kochokera m'thupi la nyama, chithunzi chake chisokonezo chokhachokha, mimba yonse imangowala, nthawi zina yopanda chotupa nkumawala kuposa yodwalayo. Pamimba ndimameta bwinobwino koma mbewa zake ndi C57BL/6 zakuda zija, ubweya ukamayamba kuphukanso khungu limachita mawanga akuda ndiye kuwala konse kumathera pompo. A supavaiza akuti tipitirire ndi GFP poti maselo alipo kale mu filiza, koma ine mtima ukundiwawa kupha mbewa zambiri pofuna kungoona ngati chotupa chakula pomwe makinawo anagulidwa kuti tiziona ili moyo. Ndisinthe njira kapena pali chomwe chingakonzedwe?

Funso lachiwiri ndi lomwe likundisowetsa tulo. MB49 ndi khansa ya mtundu wa urothelial, yofala kunoko, yoyenda kwambiri ndi fodya. Kwathu ku Mangochi yomwe imatha anthu ndi ya squamous yochokera ku likodzo, mwana kukodza magazi kuyambira ali wamng'ono anthu nkumati wakula, mazira a nyongolotsi aja akungotupitsa chikhodzodzo zaka ndi zaka. Kodi ilipo njira ya mbewa yofanana ndi matenda athuwa kuti ndikadzabwerera zomwe ndaphunzirazi zikagwire ntchito?

Mayankho

Mlongo wina wa ku Cape Town: Achimwene GFP musavutike naye pa chiwalo chamkati, kuwala kwake kuli cha pa 510 nm ndipo magazi ndi khungu zimameza pafupifupi konse, komanso khungu ndi matumbo pazokha zimawala mobiriwira momwemo. Ikani luciferase m'maselomo, enzyme yomwe imatulutsa kuwala ikakumana ndi mankhwala otchedwa luciferin, mumabaya luciferin 150 mg/kg pamimba nkudikira mphindi 10 mpaka 15, mbewa payokha siiwala ndiye chomwe mwaonacho ndi chotupa basi. Chenjezo lokha, chotupa chikakula nkuyamba kuola pakati kuwala kumatsika chifukwa luciferase amafuna oxygen ndi ATP, musaganize kuti mankhwala agwira, tsimikizani ndi ultrasound. GFP musungeni wa pa microscope mukadula chotupa.

Bambo wina wa ku Manchester: Ndikugwirizana ndi achemwali. Mukafuna fluorescence yeniyeni pitani kofiira kwambiri, 650 mpaka 900 nm, monga iRFP. Koma mukatero sinthani chakudya cha mbewa sabata imodzi musanajambule, chamasiku onsecho chimakhala ndi alfalfa ndipo chlorophyll wake amawala m'matumbo moyandikana ndi chikhodzodzo. Mukabaya dye wotuluka kudzera ku impso amakaunjikana mu mkodzo, finyani chikhodzodzo kaye apo ayi muziyesa mkodzo nkumati chotupa. Ziliponso B6 albino, ndi C57BL/6 yomweyo koma yoyera. Pokamba ndi a supavaiza tchulani 3Rs, mfundo zitatu zija zogwiritsa ntchito njira zina m'malo mwa nyama, kuchepetsa chiwerengero chake ndi kuchepetsa kuzunzika kwake, pansi pa lamulo la nyama la ku Britain la 1986 kuchepetsa mbewa si nkhani yopempha.

Dokotala wina wa ku Blantyre: Funso lachiwirilo landikhudza, mwana wanga, odwala amenewa timawaona atachedwa kale chotupa chitadzaza chikhodzodzo. Vuto ndi loti Schistosoma haematobium, nyongolotsi ya likodzoyo, ukampatsira mbewa sapita kuchikhodzodzo ngati mwa munthu, mazira ake amathera kuchiwindi ndi m'matumbo. Nchifukwa chake gulu la Michael Hsieh ku Stanford mu 2012 linayamba kubaya mazirawo pakhoma la chikhodzodzo mwachindunji, kutupa ndi zipsera zimabwera monga mwa munthu. Onaninso BBN, mankhwala oyambitsa khansa ya chikhodzodzo, amaika 0.05% m'madzi akumwa kwa miyezi ingapo, zotupa zake zimalowa m'minofu ndipo zambiri zimatengera ku squamous, njirayi imachedwa koma ili pafupi ndi zathu kuposa MB49.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, za chakudya ndi B6 albino ndikazitula pa miting'i ya labu Lolemba. A dokotala, pa BBN paja chotupa chimamera chokha mulibe luciferase, ndiye anthu amachitsata bwanji mbewa ili moyo, ultrasound yokha kapena 5-ALA uja amapangitsa chotupa kuwala mofiira pa blue light cystoscopy angathekenso mu kachikhodzodzo kakang'ono chonchi? Amene anayesapo chonde ndiuzeni kakamera komwe munagwiritsa ntchito.