Kodi m'chikepe timapereka moni kapena timangoti duu?

Abale ndi alongo, tithandizeni nzeru. Kuno ku Kasungu tikuphunzitsa achinyamata amene akukafuna ntchito m'mahotela ku Lilongwe, ndipo nkhani ya chikepe, chija chokweza ndi kutsitsa anthu m'nyumba zosanjikizana, yatiimitsa mutu.

Chifukwa chimene anthu amakhalira chete tikuchidziwa. Chikepe cha anthu 8, cholembedwa 630 kg pakhoma, mkati mwake chimakhala mamita 1.1 m'lifupi ndi 1.4 m'litali. Chikadzaza, mumayandikana ndi mlendo mpaka kumva mpweya wake. Edward Hall, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, analemba mu 1966 kuti munthu salola mlendo kumuyandikira kupitirira masentimita 45, malo amenewo ndi a abale ndi okondedwa basi. N'chifukwa chake aliyense amatembenukira kuchitseko, maso pa manambala kapena pafoni. Nthawinso imachepa: zikepe zambiri za nyumba zazifupi zimayenda mita imodzi pa sekondi, ndiye kukwera nsanjika zitatu ndi masekondi ochepa chabe. Moni wathu satha msanga. "Mwadzuka bwanji, kaya inu, kunyumba bwanji", chitseko chatseguka kale, winayo watuluka asanayankhe, iwe watsala kukamwa yasa.

Koma mwana woleredwa bwino kuno sangaime phewa ndi phewa ndi munthu wamkulu osamulonjera. Ndi mwano umenewo.

Inu ogwira ntchito m'nyumba zosanjikizana, mumatani? Kungowerama pang'ono n'kunena "zikomo" kukukwanira? Nanga woima pafupi ndi mabatani afunse "mukutsikira pati bwana?" kapena adikire kuuzidwa? Abwana akakhala kuti akuyankhula pafoni, moniwo uperekedwe liti?