Check engine ikungobwerabwera, P0171 ndi P0301, ndiyambire pati?

Akuluakulu ndithandizeni nzeru, ndathedwa. Ndili ndi Corolla ya injini ya 1NZ, masabata atatu apitawo inayatsa check engine, m'mawa ndikailiza imanjenjemera ngati izima koma ikatenthako imakhazikika, mafuta nawo yayamba kudya modabwitsa. Ndinapita nayo kwa makaniki, ataiika pa kompyuta inatulutsa P0171 ndi P0301. Anasintha mapulagi onse anayi nkufufuta ma code aja, ine mtima pansi. Masiku awiri okha nyali ija yayakanso. Pano akuti tisinthe oxygen sensor, ikapanda kusintha tione fuel pump, ndiye ine apa mpamene ndaima kaye, chifukwa zikuoneka ngati tizingogula zipangizo chimodzichimodzi mpaka mwayi utigwere.

Ndabwereka kamashini kaja ka ELM327 kowerengera ma code a galimoto, kolumikiza ku foni, ndakasomeka pansi pa chiwongolero. Pa idle long term fuel trim ikuwerenga +22%, ndikaponda kufika 2500 rpm ikutsika mpaka +6%. Manambalawa sindikuwamvetsa bwino. Sensor yafadi kapena vuto lili pena? Nanga ndizingoyendabe nayo? Galimotoyi ndi imene ndimapitira ku ntchito.

Wina wayankha:
Achimwene musagule kaye sensayo. P0171 sikunena kuti sensor yafa ayi, ikungokuuzani kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa mafuta, sensayo yangopereka uthenga basi. Ndipo manambala a fuel trim mwalembawo, omwe amaonetsa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera, akuloza kale njira. Kompyuta ikuwonjezera mafuta ambiri pa idle, mukaponda ikusiya, zimenezo kawirikawiri ndi mpweya wolowera pambali, umene sunadutse pa MAF sensor, ija imayeza mpweya wolowa mu injini. Ikanakhala pampu yofooka kapena MAF yakuda bwenzi nambalayo ikukwera mukaponda, osati kutsika. Onani paipi yaikulu yochokera pa air cleaner kupita pa throttle, ipindeni ndi manja muone m'makwinya mwake, imang'ambikira pansi posaoneka. Onaninso timapaipi ta vacuum, ka PCV, ndi gasket ya intake manifold. Zoti imavuta ikazizira ndi zimene zikundipangitsa kukayikira gasket, labala akauma amasiya mpata kukazizira, injini ikatentha mpata uja nkutsekeka.

Winanso:
Zoona zimenezo, koma P0301 musaiiwale, ndi misfire pa silinda yoyamba, kutanthauza kuti mafuta sakupsa bwino mmenemo. Yesani izi, sizifuna ndalama: chotsani koilo (ija imapereka moto ku pulagi) ya nambala 1 muisinthanitse ndi ya nambala 3, fufutani code muyende nayo tsiku limodzi kapena awiri. Ikabwera P0303 ndiye kuti koilo ndi yomwe yatha. Ikakhalabe P0301 koilo ilibe mlandu, muganizire za injector kapena gasket ikudontha pafupi ndi silinda imeneyo.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri mabwana. Nanga zoyenda nayo zija? Komanso mnzanga akuti ndingochotsa batire mphindi khumi zithera pomwepo.

Woyamba uja:
Za batire zisiyeni, nyali izima inde koma mukhala mwafufuta freeze frame, zija kompyuta imasunga zoonetsa mmene injini inalili nthawi imene vuto limachitika, ndiye wokonza ayamba kufufuza m'chimbulimbuli. Jambulani kaye zonse pa foni musanafufute chilichonse. Kuyenda, ngati nyali yangoyaka chiyakire mutha kuyenda pang'onopang'ono maulendo afupi. Koma ikayamba kuphethira imani pomwepo, pamenepo mafuta osapsa akupita ku catalytic converter, ija imayeretsa utsi wa ekizozi, ndipo imaotcheka, mudzangoona P0420, code yoti converter yafooka, yabwera pamwamba pa enawo.

Mwini funso:
Ndatsegula boneti pompano injini ikulira, ndikumva kaphokoso ka sss chakumbuyo kwa manifold koma dzanja silikufika. Paipi yaikulu ija ili bwinobwino. Alipo anayesapo smoke test, ija amapopera utsi mu intake kuti aone pomwe ukutulukira? Imaonetsadi ngakhale kabowo kakang'ono, kapena ndingomasula manifold yonse ndione gasket?