Mawu a Chingerezi ophatikizana andisokoneza mutu, ndithandizeni

Mayi wa usipa, ku Mpondasi:

Muli bwanji anzanga nonse. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa usipa wouma mumsika wa pa Mangochi boma. Sukulu ndinalekera Fomu 3 nditaima, ndiye chaka chino ndayambiranso, ndikumapita ku open madzulo kuti ndidzalembe MSCE. Masamu akuyenda, paja kuwerengera ndalama ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma Chingerezi chikundivuta, makamaka mawu aja amati compound words.

Sabata yatha aphunzitsi anatipatsa chimangirizo choti tifotokoze tsiku lathu la ntchito. Ndinalemba zanga zenizeni: kulawira kusanache pa kabaza, kukadikira asodzi kudoko, kuyanika usipa pathandala, kenako kumsika. Pepala pobwera linali psuu ndi inki yofiira. Pomwe ndinalemba market fish anatembenuza kukhala fish market. Oil cooking anati cooking oil. Fisher man anawalumikiza kukhala fisherman, koma pomwe ndinalumikiza ndekha kuti busdepot analekanitsa, ati bus depot. Nditatchula apongozi anga amene amandisungira mwana wamng'ono ndikachoka, ndinalemba mother in law, iwo n'kuikamo timizere tiwiri.

M'kalasi ndinachita manyazi kufunsa, chifukwa ambiri ndi a msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinapinda pepalalo n'kuliika pansi pa ndalama m'kachikwama, ndipo ndakhala ndikuliyang'ana pamsika makasitomala akachepa. Kodi pali lamulo lodziwira liwu loyamba ndi lomaliza? Nanga oti alumikizane ndi oti atalikirane mumawadziwa bwanji? Fizi ndikulipira ndi ndalama ya usipa womwewu, sindikufuna ipite pachabe.

Mphunzitsi wopuma, ku Malindi:

Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo musadzione ngati mutu wanu sugwira. Pa market fish ndi oil cooking paja simunalembe mwachisawawa. Munatsata dongosolo la Chichewa, ndipo ndaona ana ambiri akulakwa pomwepo zaka zonse zomwe ndinagwira choko.

M'Chichewa timayamba ndi chinthucho, chofotokoza chake n'kubwera pambuyo: msika wa nsomba, mafuta ophikira, bwato la injini. Chingerezi chimayenda chammbuyo. Chinthu chenichenicho chimakhala kumapeto, ndipo liwu loyamba limangotiuza mtundu wake. Fish market ndi msika, osati nsomba. Cooking oil ndi mafuta. Catfish, monga kampango kapena mlamba, ndi nsomba, osati mphaka. Fish eagle, nkhwazi yomwe timaimva ikulira kunyanja kuno, ndi mbalame. Ndiye musanalembe, dzifunseni kuti kodi chinthu ndikunenachi n'chiyani kwenikweni, msika kapena nsomba? Yankho lanulo liikeni kumapeto. Mukagwira ichi chokha, theka la inki yofiira ija lichoka.

Funso lanu lachiwirili ndikuuzani zoona zokhazokha: lamulo lokhwima palibe. Kalembedwe kalipo katatu. Ena amalumikizana, monga fisherman, classroom, sunset. Ena amatalikirana, monga bus depot, post office, high school. Ena amakhala ndi kamzere pakati, monga mother-in-law. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti mawu awiri akayendera limodzi zaka zambiri amayamba kuyandikana. Today ndi tomorrow kale ankalembedwa to-day ndi to-morrow. Tokha taona e-mail ikutaya kamzere kake kukhala email. Nthawi zina madikishonale awiri amasiyananso kalembedwe ka liwu limodzi.

Choncho gulani kakope ka masamba ochepa, mulembe mizere itatu, ndipo liwu lililonse lomwe mwaliona m'buku la sukulu kapena m'nyuzipepala muziliika pamzere wake. Mukakayika, dikishonale ndiye mkhalapakati. Afupiafupi amene timawagwiritsa ntchito tsiku lililonse, monga bedroom, football, teapot, nthawi zambiri amakhala olumikizana.

Woyendetsa boti, ku Cape Maclear:

Aphunzitsi anena zoona pa nkhani ya kumapeto ija. Ine Chingerezi changa chambiri ndachitolera m'boti, poyendetsa alendo kupita kuchilumba cha Thumbi. Tsiku lina mlendo anandifunsa ngati kuno kuli houseboat. Ndinamulozera kanyumba komwe timasungira maboti ndi mainjini. Anapukusa mutu. Kanyumbako ndi boathouse, nyumba ya maboti. Iye ankafuna boti lomwe anthu amagonamo ngati m'nyumba. Mawu omwewo awiri, koma mukangowasinthanitsa malo mwanena chinthu china.

China chomwe ndaphunzira ndi khutu, achemwali, n'chakuti eni chinenerocho amakweza mawu pa liwu loyamba ngati mawuwo aphatikizana. Akati GREENhouse, mphamvu ili pa green, akunena nyumba yolimamo mbewu ija ya pulasitiki kapena magalasi. Akati green HOUSE, akunena nyumba wamba yopaka penti wobiriwira. Chimodzimodzi blackboard: bolodi la m'kalasi likhoza kukhala lobiriwira koma dzina silisintha.

Komanso mawuwa ambiri tili nawo kale pakamwa, kungoti tinawameza athunthu. Nyuzipepala ndi news ndi paper. Wilibala yomwe anyamata amakankhira katundu mumsika mwanumo ndi wheel ndi barrow. Sutikesi ndi suit ndi case. Ngakhale kabati ndi cupboard, ndipo p wakeyo satchulidwa ngakhale kwa eni akewo, n'chifukwa chake ife sitinamumve. Breakfast ndiye idzakusangalatsani: break ndi fast, kumasula kusala, monga amachitira abale athu achisilamu dzuwa likalowa m'mwezi wa Ramadan. Usiku wonse sunadye, m'mawa wamasula.

Wa Fomu 4, ku Namwera:

Mayi, ine ndingowonjezera pomwe timagwa ambiri pa mayeso. Apongozi akakhala awiri s imapita pa mother: mothers-in-law, osati mother-in-laws. Liwu loyamba kawirikawiri silichulukitsidwa, timati toothbrush ngakhale mswachi umatsuka mano onse, ndiponso shoe shop ngakhale nsapato zadzaza sitolo. Mwana wa zaka khumi ndi a ten-year-old boy, timizere tiwiri, year wopanda s. Koma mukati he is ten years old, timizere tachoka ndipo s wabwerera. Chenjeraninso ndi every day ndi everyday. Ndimapita kumsika tsiku lililonse ndi every day, mawu awiri. Everyday amafotokoza chinthu, monga everyday clothes, zovala zovala masiku onse.

Mlongo wanu ali ku Joni:

Pepani aphunzitsi, sindikutsutsa, ndikufuna kumvetsa. Mwati chinthucho chimakhala kumapeto. Nanga pickpocket? Kuno ku Johannesburg timachenjezana za iwo tsiku ndi tsiku m'mateksi, ndipo ndi munthu wopisa m'matumba, si thumba ayi. Butterfly nayenso, gulugufe ndi batala zikukhudzana pati?

Mphunzitsi wopuma, ku Malindi:

Mwafunsa bwino mwanawe, ndipo mwandifikitsa pa mbali yomwe ndimaikonda. Alipo ena ochepa omwe chinthucho sichitchulidwa n'komwe, amangonena ntchito yake. Pickpocket ndi mneni pick ndi dzina pocket, mwini ntchitoyo tingomudziwa. Scarecrow, chidole choopsezera mbalame kumunda, si khwangwala.

Koma taonani, mtundu umenewu ndi wathuwathu. Mtolankhani si nkhani, ndi munthu wotola nkhani. Mpondamatiki ndi munthu wolemera, woponda matiki, tindalama takale tija. Kadyansonga ndi nyama yodya nsonga za mitengo. Mlowam'malo, mkhalapampando, onsewa ndi mneni wophatikizana ndi liwu lina. Kwa ife ndi kapangidwe ka mayina kozolowereka, pomwe m'Chingerezi otere ndi owerengeka. Ndiye Mchewa kapena Myao sayenera kuopa phunziroli, amalichita kuyambira ali kumsana. Chosiyana ndi mbali yoyambira basi.

Za butterfly, pineapple ndi understand, amenewo musawang'ambe pofuna tanthauzo, mutaya nthawi. Chinanazi si apulo, ndipo kumvetsa si kuima pansi pa chinthu. Alowezeni athunthu monga mmene tinalowezera kabati.

Mayi wa usipa, ku Mpondasi:

Zikomo nonse, mwandimasula. Dzulo ndinagula kakope kaja, ndipo pobwerera kunyumba ndinatsika pa kabaza n'kuyenda wapansi kuti ndiziwerenga zikwangwani. Pa chipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho wa Shire ndinaima kaye. Tonse timati clock tower kuyambira ndili mwana, koma ndi dzulo pomwe ndinamva kuti ndi nsanja, wotchi ikungotiuza mtundu wake. Ndinalemba filling station, guest house, hardware, roadblock, aliyense pamzere wake, mpaka tsamba linadzaza.

Usiku ndinalembanso chimangirizo chonse pa tochi ya foni, mwana wanga wamkulu akundiwerengera mokweza. Thandala ndinalemba drying rack ndekha osafunsa munthu, rack kumapeto. Lolemba ndipita nacho kwa aphunzitsi akachongenso, ndipo ulendo uno ndikafunsa m'kalasi momwemo ana aja akumva.

Aphunzitsi a ku Malindi, katsala kamodzi. Pa chikwangwani china ndinaona guesthouse wolumikizana, pa china guest house wotalikirana, zonse mumsewu umodzi. Pa mayeso ndilembe uti?