Mwana wanga uja wa autism wayamba kupempha yekha

Makolo anzanga, paja ndinafunsa zoti ndichite ndi mwana wanga wa zaka 4 yemwe ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa kuti mwana azivutika kulankhula ndi kucheza ndi ena. Sankalankhula, akafuna chinthu ankangondikoka dzanja n'kulira mpaka kudzigwetsa pansi. Ambiri munandilangiza njira ya zithunzi ija amati PECS, yoti mwana apereke chithunzi cha chimene akufuna, n'kulandira chinthucho pompo.

Ndinajambula pa foni kapu yake yobiriwira, phala, nthochi ndi chitseko, ndinakatsukitsa zithunzizo n'kuzimata pa katoni. Poyamba ankangozitafuna. Chinathandiza n'chakuti bambo ake ankakhala kumbuyo n'kumamutsogolera dzanja mwakachetechete, ine ndili kutsogolo ndi nthochi, osamufunsa kanthu.

Pano amakatenga yekha chithunzi n'kundilondola nacho kukhitchini. Lachiwiri lapitali anandipatsa cha kapu, n'kunena kuti "dzi". Madzi! Agogo ake, omwe ankati tipite naye kwa asing'anga, analulutira mpaka mwana anatseka makutu, tinachita kuwapempha kuti asangalale chapansipansi.

Inu amene munkaopa kuti zithunzi zimulepheretsa kulankhula, kwathu kuno mawu abwera nazo limodzi, ndipo kulira kuja kwachepa kwambiri. Chatsala n'chakuchimbudzi. Amene munadutsamo, munayamba ndi chithunzi chanji?