Ndege ikumangodumpha ndikamatera, ndikulakwitsa pati?

Chimzy wa ku Joni:
Amwene ndithandizeni. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege kuno ku Joni, Cessna 172, ndakwanitsa maola 14 koma solo (kuuluka ndekha popanda a instructor) sakundipatsabe chifukwa cha katelidwe kanga. Dzulo inagunda pansi nkudumpha, ine mantha ndinakankha chiwongolero kutsogolo kuti ikhale pansi basi, inagundanso ndi teyala lakutsogolo nkudumpha kuposa poyamba, kachitatu a instructor anangoilanda tinakweranso. Malaya anachita kumata kumsana ndi thukuta. Ndalama zikutha ndipo kumudzi akudziwa kuti zikuyenda bho.

Kaputeni Wopuma:
Mphwanga kukankhako ndi kumene kumathyola ndege. 172 imatera ndi mateyala awiri akumbuyo, lakutsogolo lija ndi lofooka, limayenera kutsika lokha sipidi ikamatha. Ikadumpha kwambiri usalimbane nayo, ika power yonse, flaps (timapiko totsika ta kumbuyo kwa mapiko) bweza pa madigiri 20, go-around, kutanthauza kukweranso nkuzungulira kuti uyesenso kutera, palibe amene angakuseke. Komanso tayang'ana sipidi yako pa final, pamene walunjika runway ukutsika kuti utere, ikhale cha m'ma 65 knots, ukabwera ndi 75 imangoyandama osafuna kukhala pansi ndiye mtima umayamba kuthamanga. Mabwalo ngati Rand ndi Grand Central ali pamwamba kupitilira 5,000 feet, mpweya ndi wopepuka makamaka masana kukatentha, ndiye pansi pamaoneka ngati pakuthamanga kwambiri koma iwe khulupilira geji ya sipidi.

Makaniko wa mu hangala:
Ife ndi amene timaziona zikatha izi. Ina inabwera mwana wa sukulu atatera ndi mphuno, firewall (chitsulo chotchinga pakati pa injini ndi pokhala anthu) itakwinyika ngati chitini chopondedwa, nsonga za propela zitapindikira kumbuyo. Propela ikangokhudza phula injini yonse imatsitsidwa nkuphwasulidwa kuti tione crankshaft, chitsulo chimene chimazunguza propela, ndege imakhala pansi nthawi yaitali anzako akusowa yophunzilira. Chonde ukatera mwamphamvu uzinena, osangoimika ndege nkuthawa, mawa akwera mnzako.

Nachisale:
Kkkkk ine ndimaona ngati zimatera zokha izi, mumangodina batani. Limbani achimwene mudzatitenge pa Chileka.

Chimzy wa ku Joni:
Kkkk asisi batani lake liti. A Kaputeni zikomo, sipidi ija ndimabweradi ndi 75 poopa stall, kuti mapiko angasiye kunyamula ndege.

Kaputeni Wopuma:
Ndinadziwa. Ili ndi flaps zonse imachita stall cha m'ma 40, uli kutali nayo. Ndipo maso aziyang'ana kumapeto kwa runway osati pamphuno pa ndege. Tsiku la solo izakhala yopepuka a instructor atatsika, izayandama pang'ono, usazadabwe.