Gulu la Ana ndi Adzukulu a Nachisale: za visa ya abambo a Tadala

Lachiwiri, 14 October 2025

[06:12] Chisomo (Leeds): Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinatandala kuchipatala ku Manchester komwe agonekedwa achemwali a Thoko, amake Tadala. Madokotala atsimikiza kuti ndi sitiroko, magazi anaundana mumtsempha wa muubongo. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira, mawu akutuluka movutikira, koma achemwali akumva zonse ndipo akuyankha ndi mutu. Akuti ngozi yayikulu yadutsa, chatsala ndi mafizo a miyezi ingapo.

[06:15] Azakhali (Ndirande): Ambuye alemekezeke. Ndakhala ndili maso usiku wonse

[06:21] Amayi: 🎤 Uthenga wa mawu (0:52)

[06:24] Azakhali (Ndirande): Kwa amene netiweki ikukuvutani, amayi anu akufunsa kuti mwana ali ndi ndani, akudya, nanga akugona kuti

[06:30] Chisomo (Leeds): Tadala ali kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo, munthu wabwino zedi. Koma mpamene pali vuto lina. Social worker wandiuza kuti mwana akakhala masiku 28 kwa munthu amene si wachibale weniweni, lamulo likuti khonsolo idziwitsidwe, ibwere kudzayendera. Ine monga mayi ake aang'ono ndimawerengedwa wachibale, koma visa yanga ndi ya ntchito, inamangidwa kwa abwana anga kuno ku Leeds, ndipo ndimagwira usiku. Mwana wa zaka 3 ndimusiya ndi ndani? Akufunika bambo ake basi.

[06:41] Amalume a Banda: Tamva. Abambo a Tadala, tatiuzeni pamene mapepala afika, aliyense adziwe tisanayambe kuponya maganizo.

[06:58] Yamikani: Zikomo amalume. Ndinakadinda zala za visa ya banja yopita ku UK ku Lilongwe konkuno kumayambiriro kwa September, pasipoti ndinaisiya komweko. Mayeso a Chingerezi a A1 ndinakhoza, za TB ndinayezetsa mu August, pepala lake limagwira miyezi 6. Tinalipira £1,938 ya visa ndi £3,105 ya zaumoyo, zonse anatulutsa ndi amake Tadala. Anatiuza kuti yankho limatenga milungu 12, ndiye kuti kumapeto kwa November. Sindikugona amalume. Mkazi wanga ali gone, mwana ali kwa eni, ine ndili ku Area 25 kuyang'ana foni.

[07:03] Madalitso (Joburg): Alamu musadandaule. Pali mkulu wina ndimamudziwa, ali ndi anthu ake mkatimo, sabata imodzi pasipoti yatuluka. Amatchaja K1.5 miliyoni. Ndimuimbire?

[07:05] Chisomo (Leeds): Achimwene ayi chonde!! Mkati mwake muti? Ofesi ya ku Lilongwe ija ntchito yake ndi kudinda zala ndi kulandira mapasipoti basi. Amene amagamula ndi a UKVI, nthambi ya boma la UK yoona za ma visa, sakhala pamenepo n'komwe. Mkuluyo adzadya ndalama, visa ikatuluka pa nthawi yake n'kumati ndi iye. Choopsa n'chakuti akakalowetsako pepala labodza, akanidwa ndi alamu, ndipo chinyengo chimatha kumtsekera munthu zaka 10.

[07:06] Madalitso (Joburg): Ndimangothandiza ine

[07:09] Amalume a Banda: Takumva Mada, mtima wako ndi wabwino. Koma njira imeneyo tayitseka, isabwerenso pagulu pano.

[07:20] Azakhali (Ndirande): Nanga bwanji angopempha visa ya mlendo ija? Mwana wa anzanga a ku Mvano inatuluka milungu itatu yokha

[07:34] Pemphero: Azakhali, nkhani imeneyi ndaifufuza usiku. Ya mlendo amapereka kwa munthu amene akhulupirira kuti adzabwerera kwawo isanathe miyezi 6. Tsono alamu analemba kale ndi dzanja lawo kuti akufuna kukakhazikika ndi banja. Woona mapepala akaona ziwirizo pamodzi, chikaiko chilipo chachikulu, ndipo kukanidwa kumakhala m'mbiri yako. Ngakhale itatuluka, munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusinthira ku ya banja ali komweko, ayenera kubwerera kuno. Ndiye matikiti awiri.

[07:36] Yamikani: Nanga priority ija ya £500, yolipira kuti ayankhe msanga? Ndikhoza kugulitsa njinga yamoto lero lomwe

[07:49] Pemphero: Imeneyo amagula munthu asanadinde zala, alamu. Kuti mugule pano ndiye kuti muchotse pempho lili mkatili, muyambirenso. Ya zaumoyo amabweza, koma £1,938 ija yapita chifukwa zala munadinda kale. Ndiye taonani masamu ake. Priority ya visa ya banja ndi masiku 30 ogwira ntchito, imeneyo ndi milungu 6. Inu pa milungu 12 mwadya kale theka, yatsala 6 yomweyo. Mutaye ndalama zonsezo kuti mukafike tsiku limodzimodzi? Njingayo isiyeni.

[07:52] Madalitso (Joburg): Eee koma sukulu ndi yabwino 😅

[08:10] Chisomo (Leeds): Pemphero wanena zoona. Njira yomwe ilipo ndi yopempha kuti pempho lomwe lili mkatilo alione msanga chifukwa cha matenda aakulu. Salonjeza, amachita kuganizira, ndipo saganizira misozi, amafuna umboni. Tichite zinthu ziwiri nthawi imodzi. Alamu alembe ku UKVI kudzera pa fomu yawo ya pa intaneti, imalipiridwa kandalama pang'ono, ndilipira ndi khadi yanga. Ine ndilembere MP wa dera lomwe achemwali amakhala. Maofesi a aphungu kuno ali ndi khomo lawolawo lofunsira nkhani ku Home Office, unduna womwe umayang'anira UKVI, ndipo nkhani ngati izi amazilandira kawirikawiri.

[08:12] Amalume a Banda: Phungu wa Azungu angalabadire za mkamwini wa ku Area 25?

[08:19] Chisomo (Leeds): Akulabadira za achemwali, amalume, ndi munthu wa m'dera lake. N'chifukwa chake sindingapite kwa MP wa kuno ku Leeds, aliyense amathandiza anthu a dera lake, umachita kumupeza ndi postcode. Komanso musaiwale kuti Tadala ndi nzika ya Britain, anabadwa mayi ake atalandira kale chilolezo chokhazikika. Pali lamulo la 2009, gawo 55, lomwe limalamula a zolowa ndi kutuluka kuti aziganizira ubwino wa mwana amene ali m'dziko muno. M'kalatamo nkhani ya mwana ikhale pamwamba.

[08:31] Azakhali (Ndirande): Ine mantha anga ndi awa. Paja munkati amafuna kuti mkazi azilandira ndalama zokwanira? Tsono tikawauza tokha kuti wagona m'chipatala, sanena kuti ndiye adzamudyetsa ndani, n'kumukaniratu? Mwina tingokhala chete tidikire November

[08:33] Yamikani: Zimenezo ndi zomwe zikundidya ine azakhali

[08:50] Pemphero: Funso lenileni limenelo. Malire ake ndi £29,000 pachaka kuyambira April 2024, kale inali £18,600. Achemwali monga namwino amadutsa pamenepo, ndipo mapepala a malipiro omwe amaona ndi a miyezi 6 ya m'mbuyo pofika tsiku lomwe munapempha. Ntchito sinathe, ali pa tchuthi cha matenda. Ku NHS, kuzipatala za boma za ku UK, munthu amene wagwira zaka zoposa 5 amalandira malipiro athunthu miyezi 6, kenako theka miyezi ina 6. Ndiye sindikuona chobisa. Chifukwa chinanso chosayambirira pempho latsopano n'chomwecho, lakalelo linalowa zinthu zili bwino.

[08:54] Chisomo (Leeds): Komabe pamenepa ndifunsa wodziwa malamulo tisanatumize kanthu. Ndipita ku Citizens Advice mawa, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, akandilozera. Aliyense wopereka uphungu wa za visa kuno ayenera kukhala wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority kapena akhale loya weniweni. Osati aja a pa TikTok.

[09:02] Amayi: 🎤 Uthenga wa mawu (1:37)

[09:08] Azakhali (Ndirande): Akuti iwo za mapepalazi sakuzimva, akufuna apite okha akamusambitse mwana wawo. Akuti anamubereka ndi iwo, osati boma

[09:10] Madalitso (Joburg): Amayi 😭

[09:25] Chisomo (Leeds): Amayi, zanuzo n'zotheka ndipo n'zosiyana ndi za alamu. Inu ndinu mlendo weniweni, munabwera Tadala atabadwa n'kubwerera pa nthawi yake, muli ndi nyumba ndi munda ku Dedza. Ya mlendo ndi £127, milungu itatu. Kalata yokuitanani ndilemba ine. Koma ndi BP yanuyo pafunika inshulansi ya paulendo, chifukwa mlendo akagonekedwa kuno amamulipiritsa kuposa mtengo wake weniweni, amawonjezera theka pamwamba. Mankhwala mutengeretu a miyezi yonse.

[09:31] Amalume a Banda: Mlongo wanga apite, ndavomera. Koma mvula ili pafupi, munda watsala ndi ndani? Tikambirana padera. Tsopano ndalama. Matikiti awiri si masewera.

[09:40] Madalitso (Joburg): Ine R4,000 mwezi ukatha, nditumiza pa Mukuru

[09:42] Azakhali (Ndirande): K150,000, ndipo ndalama zonse za kuno zibwere kwa ine pa Airtel Money kapena Mpamba, ndizilemba m'kope. Amene mwangowerenga osayankha ndikukuonani, nkhupakupa zabuluu zija sizinama

[09:44] Limbani: Ndili m'kalasi azakhali 🙈 K40,000 Lachisanu

[09:58] Chisomo (Leeds): Maganizo anga, makwacha asasinthidwe. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kumudziko, mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu n'zotalikirana, tiluza zambiri. Matikiti ndigula kuno ndi mapaundi, anzawo a achemwali a kuntchito ayamba kale kusonkha. Makwachawo agwire za komweko: ulendo wa amayi wopita ku Lilongwe kukadinda zala, mankhwala, majuzi a kaunjika chifukwa akafika m'chisanu, ndi aganyu a kumunda. Ethiopian imafika ku Manchester kudzera ku Addis Ababa, sipafunikanso sitima yochokera ku London. Koma tikiti ya alamu sitigula pasipoti isanafike m'manja.

[10:05] Amalume a Banda: Zamveka. Chinanso, ndaona wina waika chithunzi cha Thoko pa status ndi mawu akuti timupempherere. Chichotsedwe. Mwini wake sanalole, ndipo anthu ayamba kundiimbira ngati kwagwa zovuta.

[10:06] Limbani: Chachotsedwa

Lachitatu, 15 October 2025

[07:15] Yamikani: Tsiku la Anakubala labwino amayi, azakhali, ndi amayi nonse pagulu pano. Alamu, mukapita kuchipatala mundiimbire pa video, ndimufunire mafuno abwino mayi wa mwana wanga ngakhale asayankhe.

[07:40] Amayi: Zikomo bambo. Mulungu akutsogolereni

[16:22] Chisomo (Leeds): Kalata ya kuchipatala yatuluka koma sindinakhutire nayo. Yangonena tsiku lomwe anagonekedwa ndi dzina la matenda, mizere itatu. Imeneyo ikusonyeza kuti munthu wadwala, sikusonyeza chifukwa chake mwamuna wake akufunika pano osati mu December. Ndalankhula ndi namwino wamkulu wa mu wodi, akuti consultant alemba ina mawa.

[16:30] Pemphero: Muwapemphe kuti ikhale pa pepala la chidindo cha chipatala, dzina lonse ndi tsiku lobadwa la achemwali, dzina la dokotala ndi siginecha. Inene poyera kuti sangathe kudzisamalira kapena kusamalira mwana, kuti kuchira kutenga miyezi, ndiponso kuti kuwatulutsa m'chipatala kukudalira kuti kunyumba kukhale munthu wamkulu. Social worker naye alembe yake ya Tadala, atchule za masiku 28 aja ndi tsiku lomwe akukwanira.

[16:41] Chisomo (Leeds): Ndakopera zonse. Wa malamulo uja wagwirizana ndi zomwe unanena dzulo pa za malipiro, akuti tiikepo kalata ya kuntchito yotsimikiza kuti akadali pa ntchito ndipo akulandira malipiro athunthu. Akutinso kalata yathu ikhale tsamba limodzi, isakhale buku.

[16:45] Yamikani: Ine ndalemba masamba anayi 😔

[16:52] Pemphero: Nditumizireni ku inbox alamu, tidula limodzi. Nkhani ya mmene munakumanirana ku Bunda ichoke, anaiwerenga kale mu pempho loyamba. Pamwamba nambala yanu ya GWF, ija ya pempho la visa, dzina monga lilili mu pasipoti, tsiku lobadwa, tsiku lomwe munadinda zala. Nambalayo musaiponye pagulu pano, tilipo anthu ambiri.

Lachinayi, 16 October 2025

[13:05] Chisomo (Leeds): Kalata yachiwiri ili bwino, zonse zija zalowa. Ofesi ya MP yayankha imelo yanga, akufuna chilolezo cha achemwali ndi cha alamu kuti afunse m'malo mwawo. Achemwali asayina ndi dzanja lamanzere namwino akuchitira umboni, siginecha yake yokhotakhota koma aseka okha. Alamu, fomu yanu ili ku inbox, musindikize, musayine, mujambule bwino osati mumdima.

[13:09] Yamikani: Ndikuthamangira pa stationery pompano magetsi asanazime

[13:20] Azakhali (Ndirande): Ndiye atiyankha liti?

[13:28] Chisomo (Leeds): Sananene tsiku azakhali, ndipo akhoza kukana kufulumizitsa. Zikatero tibwerera ku November uja, palibe chomwe chawonongeka. N'chifukwa chake za amayi zisaime. Ndapempha tchuthi cha sabata yamawa kuti Tadala akhale ndi ine kunyumba kwawo.

[13:35] Amalume a Banda: Chabwino. Limbani, Loweruka ukawatenge amayi ku Dedza, pasipoti yawo ili m'sutikesi yofiira, uyang'ane kuti ikutha liti. Akagone kwa abambo a Tadala, fomu mudzadzaze limodzi ndi Pemphero pa foni. Azakhali ako akupatsa ya basi.

[13:37] Limbani: Ndamva amalume. Azakhali ikhale ya anthu awiri, pobwerera tikwera tonse

[13:38] Azakhali (Ndirande): Uyambe watumiza K40,000 yako ija mawa

[14:51] Yamikani: Alamu ndatumiza, taonani ngati ikuwerengeka

[14:56] Chisomo (Leeds): Tsamba lachiwiri ladulidwa m'munsi, tsiku silikuoneka. Jambulaninso